Kuchotsa chipale pafamu ku Ontario: fosholo, thirakitala kapena kulemba munthu?

Nkhaniyi ndi ya inu amene mwapeza ntchito pafamu ku Ontario, m'dziko la Canada, kapena mwagula kamalo kunja kwa tauni ndipo dzinja loyamba likukudikirirani. Chipale chofewa kuno chimatha kuyamba mu Novembala n'kudzasungunuka mu Epulo, koma sichigwa mofanana paliponse. Ku Toronto chimangopitirira pang'ono mita imodzi pa chaka, pomwe ku Owen Sound, m'mbali mwa Georgian Bay, chigawo cha nyanja ya Lake Huron, chimadutsa mamita 3. Kusiyanaku kumabwera ndi nyanja. Mphepo yozizira ikamadutsa pamwamba pa Lake Huron madzi ake asanaundane imatola chinyezi n'kukachikhuthula kumtunda, m'maboma a Bruce, Grey ndi Huron. N'chifukwa chake msewu wa Highway 21 umatsekedwa kawirikawiri m'dzinja. Chida chomwe chimamukwanira mlimi wa kufupi ndi Windsor, komwe chipale chimagwa chochepa, chikhoza kumusiya pamsewu mlimi wa ku Grey.

Ine ndimaona kuti ambiri amasankha chida poyang'ana chipale cha tsiku limodzi. Koma chipale cha mu Disembala chimakhala chikadalipo mu Malichi, ndipo funso lalikulu ndi la komwe mudzachiike sabata ndi sabata.

Zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Yambani ndi kuyeza kamsewu kochokera pamsewu wa boma kufika pakhola. Tinene kuti ndi kotalika mamita 200, m'lifupi mamita 4, ndipo kwagwa chipale cha masentimita 30. Chipale chouma, chongogwa kumene, chimalemera pafupifupi makilogalamu 100 pa kiyubiki mita, ndiye pakamsewu kokhako pali matani 24. Chikakhala chonyowa, kulemerako kumatha kuwirikiza katatu. Masamu amenewa amathetsa msanga mkangano woti fosholo ikwanira kapena ayi.

Kenako dzifunseni kuti ndani ayenera kulowa pafamupo, nthawi yanji. Pafamu ya ng'ombe zamkaka lole ya thanki yotenga mkaka imabwera masiku awiri aliwonse, ndipo dalaivala sangalowe pomwe akuona kuti sakatembenuka. Pali lole ya chakudya cha ziweto, ya gasi wotenthetsera nyumba, dokotala wa ziweto ng'ombe ikavutika kubereka usiku, ndiponso ambulansi. Famu ya nkhuku 20 ndi mbuzi zowerengeka ikhoza kudikira mpaka masana. Ya mkaka singadikire.

Yang'ananinso mphepo. Kum'mwera kwa Ontario mphepo ya dzinja imachokera kwambiri kumadzulo, ndipo kamsewu kodutsa pakati pa minda yopanda mitengo kamadzazanso ngakhale kumwamba kuli mbee. Pomaliza onani pansi, ngati ndi phula, simenti kapena kwale, ndiponso thupi lanu ndi zida zomwe zilipo kale. Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake, kuisamalira ndi zoopsa zake.

Fosholo

*Mtengo.* Ndi chida chotsika mtengo kuposa zonse, madola makumi angapo chabe. Gulani ziwiri: yotakata yokankhira, ndi yachitsulo yoswera chipale chomwe chalimba pakhomo la khola.

*Kupezeka.* Ili m'sitolo iliyonse ya zida, kungoti mkuntho ukalengezedwa imatha pa shelefu tsiku lomwelo.

*Kusamalira.* Palibe chambiri. Ikhale mkati mwa nyumba kapena khola, chifukwa fosholo yosiyidwa panja imakwiririka ndi chipale chomwe mukufuna kuchotsacho.

*Zoopsa.* Apa mpofunika kumvetsera. Kunyamula chipale chonyowa m'mawa kukuzizira kumapanikiza mtima kwambiri, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha pomwe manja akugwira ntchito yolemetsa. Kafukufuku wa ku Quebec, chigawo choyandikana ndi Ontario, wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti amuna ogonekedwa ndi omwalira ndi matenda a mtima amachuluka tsiku lotsatira chipale chambiri. Ngati muli ndi BP, shuga kapena mwapitirira zaka zapakati, kankhani m'malo monyamula, pumani pafupipafupi, ndipo mukamva kuthina pachifuwa siyani pomwepo n'kuimba 911, nambala ya zadzidzidzi. Ngakhale mutagula thirakitala ya mtengo wanji, fosholo mudzaifunabe pazitseko, pamageti ndi pozungulira momwera ziweto.

Snowblower yoyenda nayo pansi

Awa ndi makina a injini ya petulo omwe amameza chipale kutsogolo n'kuchiponya kutali kudzera m'paipi yopindika. Alipo a mitundu iwiri. Ang'onoang'ono amakanda pansi penipeni, ndiye pa kwale amaponya miyala m'mawindo. Apafamu ndi aja a magawo awiri, okhala ndi chitsulo chopota chosonkhanitsa chipale kutsogolo ndi chopukusa china kumbuyo choponya, omwe amatsetsereka pa tizitsulo ta m'mbali toti mukhoza kukweza kuti asatole miyala.

*Mtengo.* Atsopano abwino amayambira cha m'ma madola 1,000 kukwera. Ogwiritsidwa kale ntchito amatsika mtengo kumapeto kwa dzinja, anthu akamafuna malo m'galaja.

*Kupezeka.* Ndi osavuta kupeza, pamodzi ndi amakaniko ake, koma makaniko yemweyo mu Januwale amakhala ndi mzere wa masabata.

*Kusamalira.* Sinthani oyilo chaka chilichonse, yang'anani malamba, ndipo dzinja likatha musasiye petulo m'thanki, chifukwa amauma n'kutseka kabuleta. Sungani mabawuti apadera omwe anapangidwa kuti azithyoka chitsulo chopota chija chikagunda chinthu cholimba. Likathyoka musaikepo bawuti wamba wolimba, chifukwa ulendo wotsatira chothyoka chidzakhala giyabokosi.

*Zoopsa.* Pafamu mdani wamkulu wa makinawa ndi chingwe chomangira mabelo a udzu. Chimagona pansi pa chipale osaoneka, makina n'kuchikulunga mpaka kuima. Paipi yoponyera ikatsekeka ndi chipale chonyowa, zimitsani injini ndipo tokosani ndi ndodo, osati dzanja. Ngakhale injini itazima, chopukusa chimatha kudumpha pang'ono chikamasuka, ndipo zala zambiri zaduka motero. Musalize injini m'shedi yotseka, utsi wake umapha mosanunkha.

Makinawa ndi abwino kutsegulira tinjira ta kukhola la nkhuku, kumulu wa nkhuni ndi kuthanki ya gasi. Pa kamsewu ka mamita 200, mphepo ikukubwezerani chipale kumaso, ndi ntchito ya maola.

Thirakitala yokankha: chidebe cha kutsogolo ndi pulawo ya kumbuyo

Mafamu ambiri amayambira apa, chifukwa thirakitala ilipo kale yonyamulira mabelo ndi manyowa.

*Mtengo.* Ngati thirakitala ili ndi loader, mikono ya kutsogolo yonyamulira katundu, chidebe chake mwalipira kale. Pulawo yomangirira kumbuyo, chitsulo chachitali chomwe mumachipendeketsa kuti chipale chizitsetserekera mbali imodzi, ndi chimodzi mwa zida zotsika mtengo za thirakitala, ndipo m'chilimwe imasalazanso kwale. Onjezanipo mtengo wa matcheni a matayala ndi cholemetsa kumbuyo. Kugula thirakitala chifukwa cha chipale chokha ndi nkhani ina, ya madola masauzande ambirimbiri.

*Kupezeka.* Mapulawo akale amapezeka m'misika ya zida zaulimi pafupifupi chigawo chilichonse. Onetsetsani kuti ikapendekeka ikuphimbabe m'lifupi mwa matayala.

*Kusamalira.* Pulawo imangofuna girizi ndi kusintha mpeni wa pansi ukatha. Chovuta ndi thirakitala yeniyeniyo. Dizilo wa m'chilimwe kukazizira kwambiri amachita phala n'kutseka fyuluta, ndiye thanki ya pafamu idzazidwe dizilo wa m'dzinja nyengo isanafike. Batire yofooka yomwe inkaliza injini mu Seputembala imakana pa madigiri 20 pansi pa ziro. Alimi amalumikiza kumagetsi hita ya m'injini kwa maola awiri kapena atatu asanalize. Ndipo imikani thirakitala pafupi ndi chitseko, itayang'ana kunja, pasakhale ngolo patsogolo pake.

*Zoopsa.* Chidebe chodzaza chikakwezedwa m'mwamba, thirakitala imagubuduka mosavuta, makamaka m'mbali mwa ngalande yomwe chipale chaibisa. Yendani chidebe chili pansi, chitsulo chotchinga dalaivala chili chilili, lamba ali m'chiuno. Mu Okutobala khomani ndodo zazitali m'mbali mwa kamsewu, pa ngalande, pa chitsime ndi pa thanki ya zonyansa za m'nyumba, chifukwa mu Januwale zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Pa kwale musakande chipale choyamba. Chipondeni chilimbe, chikhale maziko, apo ayi kwale yense mudzakamupeza m'kapinga mu Epulo.

Vuto lenileni la kukankha limaoneka dzinja likafika pakati. Nthawi iliyonse mukakankha, chipale chimaunjikana m'mbali n'kuuma gwa. Milu ija ikakwera, kamsewu kamasanduka ngalande pakati pa makoma awiri, ndipo mphepo imabwera kudzadzaza ngalandeyo mpaka m'milomo. Mukakankha kwambiri makoma amakwera, makoma akakwera kamsewu kamadzaza mwakuya. Pofika Febuluwale lole ya mkaka ikukhula m'mbali, pulawo ilibenso koponyera. Mankhwala ake ndi kuyamba motakata: mu Disembala kankhirani chipale kutali kwambiri kuposa m'mene mukuonera kuti n'kofunika, kumbali yomwe mphepo ikulowera, kum'mawa kapena kum'mwera. Ganiziraninso komwe madzi adzatsikire chikamasungunuka. Mulu woikidwa kumtunda kwa khola umadzalowa m'kholamo mu Malichi.

Chidebe chili ndi ubwino umodzi womwe zida zina zilibe: chimanyamula. Pabwalo lopanikizika pakati pa makola, pomwe palibe kokankhira kapena koponyera, chidebe chokha ndicho chimatulutsa chipale.

Snowblower ya pathirakitala

Makina oponya chipale ndi a konkuno: Arthur Sicard wa ku Quebec ndiye anapanga oyamba ogwira bwino ntchito m'zaka za m'ma 1920. Apafamu amamangiriridwa kumbuyo kwa thirakitala n'kuzunguliridwa ndi shafiti ya PTO, chitsulo chozungulira chomwe chimatenga mphamvu ya injini ya thirakitala n'kuipereka ku makinawo.

*Mtengo.* Ndi okwera kuposa pulawo kangapo, madola masauzande angapo, ndipo omangirira kutsogolo amadula koposa. Amadyanso dizilo wambiri chifukwa injini imalira mwamphamvu nthawi yonse.

*Kupezeka.* M'madera a chipale chambiri pafupifupi famu iliyonse ili nawo, ndiye akale ndi osavuta kupeza. Muyeso wake ndi womwe uja wa matayala, komanso injini ikhale ndi mphamvu zokwanira. Makina aakulu pa thirakitala yaing'ono amangotsamwa. Thirakitala yomwe giya yake yobwerera m'mbuyo ndi yothamanga imavutanso, chifukwa ntchitoyi imafuna kuyenda pang'onopang'ono.

*Kusamalira.* Girizi pa shafiti, oyilo pa tcheni ndi m'giyabokosi, mabawuti othyoka aja m'thumba. Mukamaliza chotsani chipale chotsalira mkati, chifukwa chikaundana usiku bawuti imathyoka mukangoyamba m'mawa.

*Zoopsa.* Shafiti ya PTO imazungulira ka 540 pa mphindi, kutanthauza maulendo 9 pa sekondi. Mpango wa m'khosi kapena chingwe cha jekete chikakodwa, munthu sapeza mpata wokuwa n'komwe. Chotchingira shafiti chikasweka gulani china musanagwirenso ntchito, ndipo musatsike pampando makina akuzungulira. Mwala woponyedwa umaswa galasi la galimoto, umavulaza mwana kapena galu. Palinso khosi: maola awiri mukuyendetsa chafutambuyo mutacheuka amasiya msana ndi khosi zikuwawa, ndipo pa thirakitala yopanda kanyumba fumbi la chipale limakuphimbani mpaka osaona.

Ngakhale zili choncho, kwa kamsewu kakatali pamalo a mphepo ine ndimasankha makina amenewa. Chipale chimapita mamita angapo kutali n'kumwazikana, makoma aja sakwera, kamsewu kamakhala kotakata mu Malichi monga kanalili mu Disembala. Pofooka pake ndi chipale chamadzimadzi, chomwe chimatseka paipi, ndi chipale chochepa cha masentimita 5, chomwe pulawo imachotsa mwachangu kwambiri.

Pulawo ya pa ATV kapena pa pikapu

*Mtengo.* Ya pa ATV, njinga yamoto ya matayala anayi, ndi yotsikirapo, ya pa pikapu ndi yodula.

*Kupezeka.* Zonse ziwiri zili ponseponse.

*Kusamalira.* Pa ATV chingwe chokwezera pulawo chimaduka kawirikawiri. Pa pikapu kulemera kwa pulawo kumatha msanga zitsulo za kutsogolo ndi giyabokosi.

*Zoopsa.* Zida izi zimadalira liwiro, ndipo kugunda mwala woundana uli pa liwiro kumaponya dalaivala kutsogolo. ATV ndi yopepuka, singasunthe mulu wolimba kapena kuunjika m'mwamba, ndiye muyenera kutuluka kangapo mkuntho uli mkati, chipale chisanakuye. Vuto la makoma ndi lomwe lija, koma limafika msanga.

Kulemba munthu

*Mtengo.* Kontirakitala amalipiritsa pa ulendo kapena pa dzinja lonse. Dzinja likakhala lofatsa, wolipira pa ulendo ndiye wapindula. Likavuta, wapindula ndi wa pa dzinja lonse. Kwa munthu wopanda thirakitala, malipiro a zaka zingapo safikabe pa mtengo wogula makina.

*Kupezeka.* Kumudzi nthawi zambiri wochita ntchitoyi ndi mlimi woyandikana naye. Kambiranani mu Seputembala kapena Okutobala. Chipale chikagwa aliyense amakhala atadzaza kale, ndipo ena asiya ntchitoyi chifukwa inshuwalansi yake yakwera mtengo.

*Kusamalira.* Chosamalira apa ndi mgwirizano. Lembani papepala kuti adzabwera chipale chikafika masentimita angati, nthawi yanji, adzachiunjika pati, ndipo akagwetsa geti adzakonza ndani. Funsani mwachindunji ngati adzabwerenso mphepo ikadzaza kamsewu popanda chipale chatsopano, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo. Ngati ndi mnansi wongothandiza, musadikire kuti atchule mtengo. Mufunseni, mulipire dizilo wake, ndipo m'chilimwe mukaoneke pa ntchito ya mabelo.

*Zoopsa.* Muli pa mzere. Mnansi amayamba watsegula kwake n'kudyetsa ziweto zake. Tsiku la mkuntho waukulu, lomwe mukumufuna kwambiri, ndi tsiku lomwe aliyense akumufuna, mwinanso msewu wa boma watsekedwa.

Kaya mukuchotsa nokha kapena mwalemba munthu, dziwani za pakhomo la kamsewu. Pulawo ya boma ikadutsa imasiya mtumbira wolimba ngati mzere wa mbatata pakhomo penipeni, ndipo kuuchotsa ndi udindo wanu. Uchotseni usanaundane. Musakankhire chipale pamsewu wa boma kapena kuwoloka nacho tsidya lina n'kusiya zotsalira: lamulo la Highway Traffic Act la ku Ontario limaletsa kutaya chipale pamsewu popanda chilolezo.

Mpanda wotchinga chipale, mitengo ndi mizere ya chimanga

Njira iyi anthu amaiganizira mochedwa, pomwe ndi imene imachepetsa ntchito ya zida zina zonse. Mpanda wa chipale umakhala ndi mipata pafupifupi theka la thupi lake. Mphepo ikadutsa m'mipatamo imafooka n'kugwetsa chipale kuseri kwa mpandawo. Tanthauzo lake n'lakuti mpanda umapanga mulu dala, ndipo ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti muluwo ukugwera m'munda. Akatswiri a misewu amawerengera kuti mulu umatha kutalika mpaka ka 35 kutalika kwa mpanda kopita m'mwamba. Mpanda wa mita 1.2 uyenera kuima pafupifupi mamita 40 kuchokera pakamsewu, kumbali yochokera mphepo. Mukauimika m'mphepete mwa kamsewu, mwaitana chipale chonse cha m'munda kuti chidzagone pomwe mumadutsa.

*Mtengo.* Mpukutu wa pulasitiki kapena wa timatabwa ndi mizati yachitsulo ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi makina alionse. Pomwe pali munda wa chimanga, kusiya mizere ingapo yosakolola kumagwira ntchito yomweyo, mtengo wake ndi chimanga chomwe mbalame ndi agwape adzadye. Ku Minnesota, m'dziko la United States, nthambi ya boma yoona za misewu imalipira alimi kuti asiye mizere yotere m'mbali mwa misewu yovuta.

*Kupezeka.* Zipangizo zilipo, chosowa ndi malo. Ngati munda wa kumadzulo ndi wa mnansi, muyenera kupempha.

*Kusamalira.* Mizati ikhomedwe nthaka isanaundane, cha mu Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala, ndipo siyani kampata pansi kuti mpanda usakwiririke msanga. Uzulidwe nthawi yolima isanafike. Mzere wa mitengo yosayoyola masamba, monga spruce ndi cedar, sufuna kuzula ndi kuimikanso, koma umatenga zaka kuti ukule.

*Zoopsa.* Kuuika polakwika, basi. Komanso pomwe panagona mulu pamachedwa kuuma nthawi yobzala. Mpanda suletsa chipale chogwa kuchokera kumwamba, ndiye chida chochotsera chimafunikabe.

Pomwe chipale chasanduka ayezi

Chipale chikasungunuka masana n'kuundana usiku, bwalo limasanduka galasi. Ng'ombe ikaterereka n'kutang'adza miyendo ya kumbuyo nthawi zina siimanso. Mchere wamba ndi wotsika mtengo ndipo umapezeka paliponse, koma kuzizira kukapitirira madigiri 10 pansi pa ziro sugwiranso bwino ntchito. Mchere wina wotchedwa calcium chloride umasungunula ngakhale kukuzizira koposa apo, koma ndi wodula. Onse awiri amadyetsa dzimbiri zitsulo, amawononga simenti, amapweteka mapazi a agalu, ndipo amatha kulowa m'chitsime. Pabwalo la ziweto ine ndimakonda mchenga. Susungunula kanthu koma phazi limagwira pa kuzizira kulikonse. Usungeni pouma kapena muusakanize ndi mchere pang'ono, apo ayi mulu wonse umauma ngati mwala tsiku lomwe mukuufuna. Phulusa la m'mbaula ya nkhuni limathandizanso pa tinjira.

Denga nalo liyang'aniridwe. Chipale chonyowa cha theka la mita chimaika makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita iliyonse, ndipo mvula ikagwera pamwamba pake chimalemera koposa. Makola akale, mashedi a pulasitiki ndi pomwe denga lalifupi lakumana ndi lalitali ndi malo oyamba kugonja. Chikokeni muli pansi ndi chokokera cha mpini wautali, mbali zonse ziwiri mofanana, kutali ndi mawaya a magetsi. Denga lalitali la malata likufuna anthu a zingwe ndi zida zake.

Madzi ndi magetsi

Kamsewu kakhoza kukhala koyera koma ziweto zili ndi ludzu. Ng'ombe yokamidwa imatha kumwa malita opitirira 100 pa tsiku, ndipo yomwe sikumwa imasiyanso kudya, pomwe kuzizira kumafuna kuti idye kwambiri. Kunyamula ndowa n'kuswa ayezi kawiri pa tsiku kulibe mtengo, ndipo kumatheka pa ziweto zochepa. Momwera mwa hita mumachotsa ntchitoyi, koma mumadya magetsi, ndipo waya wotafunidwa umagwira ziweto shoko mpaka kuopa madziwo. Mukaona ng'ombe zikununkhiza madzi n'kubwerera, yezani magetsi.

Chodalirika kwambiri ndi mpope womwe valavu yake ili pansi pa nthaka, kupitirira pomwe chisanu chimafika, komwe kum'mwera kwa Ontario ndi cha m'ma mita 1.2. Mukatseka chogwirira, madzi otsala m'paipi yoimirira amatsikira pansi n'kutuluka pa kabowo, paipi n'kukhala yopanda kanthu. Koma mukasiya paipi ya labala italumikizidwa kukamwa kwake, mpweya sulowa, madzi satsika, m'mawa mpope wauma. Chotsani paipiyo nthawi iliyonse mukamaliza, muikhuthule, muipachike. Paipi ikaundana isungunuleni ndi madzi otentha kapena mpweya wofunda. Lawi la moto pafupi ndi udzu wouma latentha makola ambiri, chimodzimodzi nyali zotenthetsera ana a nkhosa zopachikidwa ndi kachingwe.

Zonsezi zimadalira magetsi: pampu ya pachitsime, hita ya thirakitala, makina okamira. Mu Januwale 1998 mvula youndana inagwetsa mawaya ndi nsanja za magetsi kum'mawa kwa Ontario ndi kum'mwera kwa Quebec, malo ena n'kukhala mumdima masabata angapo. Alimi anataya mkaka wambiri, ndipo majenereta ankayenda famu ndi famu kuti ng'ombe zikamidwe. Jenereta ya petulo imakwanira nyumba ndi pampu. Famu yaikulu imafuna yozunguliridwa ndi PTO kapena yoima payokha, yolumikizidwa ndi katswiri kudzera pa switchi yodula mawaya a kunja, kuti musaphe wokonza magetsi pa mtengo wa mawaya. Kumbukirani kuti thirakitala yomwe ikuzunguza jenereta singachotsenso chipale nthawi yomweyo.

Njira iti kwa yani

Ngati muli ndi nkhuku, mbuzi zochepa ndi kamsewu kosapitirira mamita 50, snowblower yoyenda nayo pansi ya magawo awiri, mafosholo awiri ndi mgolo wa mchenga zikukwanirani. Sungani nambala ya mnansi wa thirakitala chifukwa cha mkuntho umodzi kapena iwiri yomwe idzakuposani.

Ngati kamsewu ndi kakatali, mulibe thirakitala ndipo m'mawa mumapita kuntchito m'tauni, lembani munthu pa dzinja lonse, mugwirizane ola, ndipo tinjira ta kumakola muzitsegula nokha. Munthu wa vuto la mtima kapena msana achite chimodzimodzi, ngakhale kamsewu katakhala kakafupi.

Ngati thirakitala ilipo ndipo muli kumadera a chipale chochepa, monga cha ku Essex ndi Chatham-Kent, chidebe ndi pulawo ya kumbuyo ndi zokwanira. Ndalama yotsalayo gulirani matcheni ndi batire yabwino.

Ngati muli ku Bruce, Grey, Huron kapena kulikonse komwe mphepo ya kunyanja imadutsa minda yopanda mitengo, gulani snowblower ya PTO, chidebe chikhale cha pabwalo, ndipo imikani mpanda kapena siyani mizere ya chimanga kumadzulo kwa kamsewu. Malo akakhala anuanu, bzalani mitengo chaka chino.

Pafamu ya mkaka, ya nkhumba kapena ya nkhuku zambiri, pomwe lole ziyenera kulowa zivute zitani, pakhale njira ziwiri zosadalirana: makina anu, ndi mgwirizano ndi mnansi tsiku lomwe makinawo akana. Jenereta iyesedwe mu Okutobala itanyamula katundu wake weniweni.

Ngati ndinu wantchito pafamu ya eni, funsani abwana dzinja lisanayambe kuti akuyendetseni malo onse, akuonetseni ngalande, chitsime, mawaya ndi pomwe chipale chimaunjikidwa. Musakwere makina omwe simunaphunzitsidwe, ndipo pomwe chotchingira PTO palibe, auzeni abwanawo kuti simuyandikira mpaka atachibwezera.